Mmene mungasinthire zimene mumakhulupirira pa nkhani ya ndalama ndi chuma

Anthu amene amabwera kwa ine kuti tikambirane za ngongole zawo, kapena za malipiro amene amatha mwezi usanafike pakati, amafunsa funso limodzimodzi ngakhale kuti mawu ake amasiyana: "Ndimadziwa zoyenera kuchita, nanga n'chifukwa chiyani sindizichita?" Ofunsawo si anthu osadziwa masamu. Ambiri a iwo angathe kufotokoza bwinobwino kuti munthu ayenera kusungako pa zimene wapeza, kuti ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu imadya mwini wake, ndiponso kuti ntchito yabwino iyenera kulipidwa moyenera. Koma ndalama zikangofika m'manja, manjawo amachita zosiyana ndi zimene pakamwa panena. Ndayankha funsoli kambirimbiri, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lonse kamodzi, kuti amene akulifuna aziwerenga pa nthawi yake.

Ndisanayambe, ndinene chinthu chimodzi momveka. Sindikunena kuti umphawi umayamba chifukwa cha maganizo oipa, ndipo amene amaphunzitsa zimenezo amanyoza anthu ogwira ntchito molimbika amene malipiro awo ndi ochepa. Nthawi zina kusowako n'kumene kumasokoneza maganizo. Mu 2013, Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anafalitsa kafukufuku amene anachita pakati pa alimi a nzimbe ku Tamil Nadu, m'dziko la India. Alimi omwewo anayesedwa kawiri, ndipo anakhoza bwino mayeso a kuganiza atakolola ndi kulandira ndalama kusiyana ndi mmene anakhozera asanakolole, pamene nkhawa ya ngongole inali itawadzaza mutu. Choncho malangizo awa sadzakweza malipiro anu mwa iwo okha. Ntchito yake ndi kuchotsa zija zimene zimakulepheretsani kusamala zochepa zimene muli nazo, kutchula mtengo woyenera wa thukuta lanu, ndi kuyang'ana ndalama zanu popanda mantha kapena manyazi.

Mufunika kope limodzi, cholembera, ndi nthawi ya miyezi iwiri kapena itatu. Musadumphe magawo, chifukwa lililonse latsamira pa linzake.

1. Gwirani mawu enieni amene amabwera m'mutu mwanu

Kwa masabata awiri, nthawi iliyonse imene mwagwira ndalama, mwalipira chinthu, mwalandira malipiro, mwapemphedwa thandizo kapena mwaona munthu wolemera akudutsa, lembani chiganizo choyamba chimene chabwera m'mutu. Lembani mmene chabwerera, osachikonza kuti chimveke chaulemu. Ngati chabwera chakuti "ameneyo anaba basi", lembani chimenecho. Pambali pake lembani zimene thupi linamva, kaya ndi kuuma kukhosi, kugunda kwa mtima kapena kupepukidwa, kenako zimene munachita.

Njira imeneyi inachokera kwa dokotala wa matenda a maganizo Aaron Beck, wa ku University of Pennsylvania, amene m'zaka za m'ma 1960 anaona kuti odwala ake anali ndi timaganizo tothamanga tobwera tokha, timene sankatizindikira n'komwe, koma timene tinkalamulira mmene akumvera. Iye anapeza kuti ganizo lotere likalembedwa, munthu amatha kulifunsa mafunso, pamene likangokhala m'mutu limaoneka ngati choonadi chosatsutsika.

Cholakwa chofala pano ndi kulemba zimene mukufuna kukhulupirira m'malo mwa zimene mumakhulupiriradi. Munthu wina anandibweretsera kope lodzaza ndi mawu okoma onena za kusunga ndi kukonzekera mawa, koma titacheza pang'ono anatulutsa mawu akuti, "Ndalama zikakhala m'thumba zimandiyabwa." Chiganizo chimodzi chimenecho chinali chofunika kuposa masamba onse a m'kope lake.

2. Onani mbali imene mawu anu akupendekera

Masabata awiri akatha, werengani zonse ndipo mudule mzere pansi pa ziganizo zobwerezedwa. Kawirikawiri zimakhala zitatu kapena zinayi zokha. Mu 2011, katswiri wa zamaganizo Brad Klontz pamodzi ndi anzake, kuphatikizapo bambo ake Ted Klontz, anafunsa anthu 422 za zimene amakhulupirira pa ndalama, ndipo mayankho awo anagwera m'magulu anayi. Magulu amenewa ndi othandiza podziyesa nokha.

Gulu loyamba ndi la kuthawa ndalama. Awa ndi anthu amene amati ndalama n'zodetsa, olemera ndi adyera, ndipo munthu wabwino sayenera kukhala nazo zambiri. Amachedwa kutolera zimene anzawo anawakongola, amatsitsa mtengo asanapemphedwe, ndipo akapeza zochuluka amazimwaza msanga kuti mtima ukhale pansi. Gulu lachiwiri ndi la kupembedza ndalama, la anthu okhulupirira kuti mavuto onse adzatha tsiku limene ndalama zidzachuluke, ndipo tsikulo limangosunthira kutsogolo. Lachitatu ndi la anthu amene amayesa ulemu wa munthu ndi chuma chake, motero amagula zooneka ndi maso ngakhale pa ngongole, ndipo amabisa kusowa kwawo ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wawo. Lachinayi ndi la kudikirira tsoka: kusunga mosalekeza, kusakamba za ndalama ndi wina aliyense, ndi kumva kulakwa pogula ngakhale chinthu chofunika. M'kafukufukuyo, magulu atatu oyambawo anapezeka kwambiri mwa anthu opeza zochepa kapena okhala ndi chuma chochepa. Lachinayi limathandiza kusunga, koma likapitirira muyezo munthu amadwala osapita kuchipatala ndalama zili m'bokosi.

Musadabwe mukadzipeza m'magulu awiri otsutsana. Ndaona anthu ambiri amene amadana ndi olemera masana, koma usiku amagona akuwerengera zimene angachite atalemera. Munthu wotere amathamangira ndalama, ndipo akazipeza amazitaya, chifukwa mbali ina ya mtima wake imamuuza kuti wasanduka mmodzi wa anthu amene amawanyoza. Kutsogolo kwa chiganizo chilichonse lembani khalidwe limene chimabala, ndipo ngati n'kotheka muwerengere zimene khalidwelo linakutayitsani m'chaka chathachi.

3. Fufuzani kumene chikhulupirirocho chinachokera

Palibe mwana amene amabadwa akuopa ndalama kapena akuzipembedza. Tengani chiganizo chimodzi, chija chimene chikukupwetekani kwambiri, ndipo mudzifunse kuti munachimva koyamba m'mawu a ndani, muli ndi zaka zingati, ndipo panyumba pankachitika zotani. Nthawi zina simudzapeza mawu koma chithunzi chabe: chitseko chotsekedwa pamene akuluakulu akuwerenga ndalama, kukangana kwa usiku kumene munkakumva muli m'chipinda china, kapena nkhope ya kholo pamene munabwera ndi pepala lofuna fizi.

Ine chithunzi changa ndi cha bambo anga atakhala pampando, kabuku ka malonda awo kali pamwendo, osatembenuza tsamba kwa nthawi yaitali. Mnzawo amene ankachita naye malonda anali atathawa ndi mpamba wonse, ndiko kuti ndalama zoyambira ndi zoyendetsera malondawo. Madzulo amenewo mayi anga anati, "Ife ndalama sizitikonda." Ndinali wamng'ono, ndipo sindinawafunse tanthauzo lake. Patapita zaka zambiri ndinadzipeza ndikutchula theka la mtengo wa ntchito yanga nthawi zonse munthu akandifunsa, mawu akunjenjemera, ngati kuti ndikupempha chinthu chimene si changa.

Zoterezi sizichitika m'banja limodzi lokha. Mu 2011, akatswiri a zachuma Ulrike Malmendier ndi Stefan Nagel anasonyeza, pogwiritsa ntchito mbiri ya mabanja a ku United States ya zaka zambiri, kuti anthu amene anakhala ndi moyo m'nyengo zimene msika wa masheya, ndiko kuti magawo a umwini wa makampani, unkayenda moipa ankaopa kuikako ndalama zawo ngakhale patapita nthawi yaitali zinthu zitasintha. Zimene munthu anaona ndi maso ake zimalemera kuposa zimene anawerenga.

Chenjezo pa gawo ili ndi lakuti musalisandutse bwalo loweruzira makolo. Mukungofuna kudziwa gwero, chifukwa chikhulupiriro chimene mwachipezera tsiku lobadwa chimasiya kuoneka ngati lamulo lachilengedwe.

4. Patulani choona ndi chimene chinatha ntchito, ndipo mutsanzikane ndi mwini mawu

Apa ndi pamene anthu ambiri amabwerera, ndipo alangizi ambiri amapadumpha. Iwo amangoti chikhulupiriro choipa chitayeni, muikepo chabwino. Sizitheka choncho, pa zifukwa ziwiri.

Chifukwa choyamba n'chakuti pafupifupi chikhulupiriro chilichonse choipa chili ndi choonadi mkati mwake, ndipo mtima wanu ukudziwa zimenezo. Mukadziuza kuti zonse zinali zabodza, mtimawo umatulutsa umboni nthawi yomweyo, ndipo mumagonja. Taganizirani mawu akuti "olemera onse ndi akuba". Alipodi anthu amene analemera mwa kuba, mwa katangale ndi mwa kupondereza antchito, ndipo amene anakuphunzitsani mawuwa mwina anaberedwapo ndi mmodzi wa iwo. Bodza lili m'mawu amodzi okha, akuti "onse". Chimodzimodzinso mawu akuti "ngongole ndi ukapolo": ndi oona kotheratu pa katapila, ndiko kuti ngongole imene wobwereketsa amaika chiwongoladzanja chachikulu cholipira m'nthawi yochepa. Ngongole ya 20 peresenti pamwezi, ngati simukubweza ndipo chiwongoladzanja chikuberekanso chinzake, imawirikiza kawiri m'miyezi inayi yokha. Koma mawu omwewo sakwanira pa ngongole yaing'ono, ya chiwongoladzanja chochepa, yogulira chida chimene chidzabweza mtengo wake. Ngakhale mawu otchuka akuti ndalama ndi muzu wa zoipa zonse anaduka mutu poyenda pakamwa pa anthu, pakuti lemba la 1 Timoteyo 6:10 limaloza chikondi cha pa ndalama, osati ndalamazo.

Choncho gawani tsamba pawiri. Kumanzere lembani zonse zimene zikuikira umboni chikhulupiriro chanu, mosabisa kanthu. Kumanja lembani zimene zikuchitsutsa, ndipo zikhale zinthu zimene munaziona nokha: munthu wachuma amene mumamudziwa kuti ndi woongoka, mwezi umene munasunga ndalama ndipo sizinathawe, tsiku limene munatchula mtengo wathunthu wogula n'kulipira osadandaula. Kenako zungulizani mawu okokomeza onse, monga "onse", "nthawi zonse", "palibe" ndi "sindidzatha", chifukwa poizoni amakhala m'menemo. Mukamaliza, yankhani mafunso atatu awa polemba: kodi mawuwa anali oona liti, anateteza ndani ku chiyani, ndipo kodi choopsa chimenecho chikadalipo pa moyo wanga lero?

Chifukwa chachiwiri n'chovuta kwambiri, ndipo sichikhudza umboni ayi. Chikhulupiriro chimenechi munachilandira kwa munthu amene mumamukonda, ndipo kuchisiya kumamveka ngati kumukana iyeyo. Mwana amene anakula akumva kuti anthu abwino amakhala osauka, akayamba kupeza bwino amamva ngati akuuza makolo ake kuti moyo wawo wonse unali kulakwitsa, kapena ngati akutuluka m'gulu la anthu ake n'kulowa m'gulu la adani awo. Ndakhalapo ndi anthu amene anavomereza mfundo zonse za kumanja kwa tsamba, koma pofika pa funso lachitatu anagwetsa misozi. Mayi wina, amene ankagawa malipiro ake onse kwa abale m'masiku atatu oyamba a mwezi, anati atakhala chete kwa nthawi, "Ndikasunga, ndiye kuti ndawasiya okha." Vuto lake silinali bajeti, ndipo bajeti iliyonse imene akanalemba akanaiphwanya yekha pofuna kukhalabe mwana wa kwawo.

Chimene chimathandiza pano ndi kulemba kalata yopita kwa mwini mawuwo, kalata imene simudzaitumiza, kaya iwo ali moyo kapena anatisiya. Iyambe ndi kuvomereza, chifukwa iwo sananame. Yanga inati: "Amayi, munanena zimene munaona, ndipo tsiku limene lija ndalama zinatithawadi. Mawu anu anatithandiza kupirira popanda kuloza bambo chala. Koma ine ndawanyamula zaka zambiri kumalo kumene sakugwiranso ntchito, ndipo andichititsa kudzichepetsera malipiro a ntchito imene inu munavutika kundiphunzitsa. Ndikuwatula pansi, ndipo sindikukutulani inu." Nditalemba chiganizo chomalizacho m'pamene ndinazindikira kuti mantha anga sanali pa ogula amene angakane mtengo, koma pa kusiyana ndi amayi anga.

Musathamange pa gawo ili. Lingatenge sabata imodzi kapena mwezi wathunthu, ndipo chikhulupiriro chilichonse chimafuna tsamba lake ndi kalata yake. Ngati zimene mwakumbukira zikukhudza nkhanza, kapena zikukusowetsani tulo kwa masiku ambiri, kambiranani ndi mlangizi wa zamaganizo kapena munthu wamkulu amene mumamudalira, m'malo molimbana nazo nokha. Dziwaninso kuti cholinga sichakuti musiye kuthandiza abale. Mayi uja sanasiye kupereka. Anangosankha gawo la malipiro limene azipereka mwezi uliwonse, nawauza abalewo poyera, ndipo kwa nthawi yoyamba anapereka mosaopa.

5. Yang'anani manambala anu onse pa tsiku limodzi

Tsopano mwakonzeka kuchita chimene mwakhala mukuchizemba. Sankhani ola limodzi, m'mawa mutapuma bwino, ndipo mulembe pa tsamba limodzi zonse zimene mumapeza pamwezi, zonse zimene zimatuluka, ngongole iliyonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndi zonse zimene muli nazo. Tsegulani makalata ndi mauthenga aja amene munawasiya osawerenga.

Kuzemba kotereku akatswiri anakupatsa dzina lochokera ku nthano yakuti nthiwatiwa imabisa mutu mumchenga ikaona zoopsa. Mu 2009, Niklas Karlsson, George Loewenstein ndi Duane Seppi anasonyeza kuti anthu oika ndalama m'masheya ankayang'ana maakaunti awo kawirikawiri msika ukamakwera, koma ukamatsika ankachepetsa kuyang'ana. Choncho ngati mumaopa kuona zotsala mu akaunti yanu, simuli nokha ndipo si chizindikiro cha uchitsiru. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anafotokoza mu 1979 kuti kutaya kumapweteka kuposa mmene kupeza chinthu chofanana nacho kumakondweretsera, ndipo n'chifukwa chake maso amathawa tsamba la ngongole.

Pa tsiku limeneli musapange chisankho chilichonse, musalumbire kuti simudzagulanso kanthu, ndipo musadzitukwane. Ntchito ya tsikuli ndi kuona basi. Ambiri amapeza kuti ngongole imene ankaiopa mumdima ili ndi malire, ndipo chinthu chokhala ndi malire chimatheka kuchigawa m'miyezi. Ena amapeza kuti zinthu zaipa kuposa mmene ankaganizira, ndipo kwa iwo tsikuli ndi lofunika koposa, chifukwa chiwongoladzanja sichidikira kuti mwini ngongole alimbe mtima.

6. Lembani chiganizo chatsopano chimene mungachikhulupiriredi

Pano pali msampha umene wagwira anthu ambiri, wa kuima pagalasi m'mawa uliwonse n'kumanena kuti "ndine wolemera" pamene m'thumba mulibe kanthu. Mu 2009, Joanne Wood ndi anzake a ku University of Waterloo, ku Canada, anapeza kuti anthu odziona ngati achabechabe, atauzidwa kubwereza mawu odzitamanda akuti iwo ndi okondedwa, anamva kuipa kwambiri kuposa anzawo amene sanabwereze mawuwo. Mtima ukamva chinthu chimene sukuchivomereza umayamba kuchitsutsa, ndipo chikhulupiriro chakale chimatuluka chitalimba. Gabriele Oettingen wa ku New York University nayenso wasonyeza m'kafukufuku wa zaka zambiri kuti kungolota zabwino za m'tsogolo, osaganizira zopinga, kumachepetsa mphamvu yochitira zinthuzo.

Chiganizo chanu chatsopano chichokere pa tsamba la gawo lachinayi. Chisunge choonadi cha kumanzere, chichotse mawu okokomeza, ndipo chikhale chaching'ono moti mukachinena mtima usatsutse. M'malo mwa "olemera onse ndi akuba", mungalembe kuti, "Ena analemera mwa kuba, ena mwa ntchito, ndipo njira yanga ndisankha ndine." M'malo mwa "ndalama sizikhala m'manja mwanga", mungalembe kuti, "Sindinaphunzitsidwe kusunga, ndipo ndikuphunzira tsopano." Chiyeseni pochinena mokweza. Ngati mukumva ngati mukunama, chichepetseninso mpaka chifike pamene mungachivomereze.

7. Chiyeseni ndi ntchito yaing'ono, mobwerezabwereza

Chiganizo chatsopano chimakhala mawu chabe kufikira chitapeza umboni wakewake, ndipo umboniwo muyenera kuupanga ndinu. Sankhani chochita chimodzi chaching'ono chimene chikhulupiriro chakale chimaletsa. Musanachite, lembani zimene mukuopa kuti zichitika, ndipo mukachita lembani zimene zachitikadi. Wothawa ndalama atchule mtengo wathunthu kwa wogula mmodzi, kenako atseke pakamwa osawonjezera mawu opepesa. Woyesa ulemu ndi chuma anene kamodzi pakati pa anzake kuti "chimenecho sindingakwanitse mwezi uno", aone ngati angamuthawe. Wodikirira tsoka agule chinthu chimodzi chofunika chimene wakhala akuchizengereza. Wopembedza ndalama alembe mavuto ake asanu, aone kuti ndi angati amene ndalama zingawathetsedi.

Chochitacho chimangirireni ku nthawi ndi malo, monga anasonyezera katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer mu 1999, kuti munthu amene wanena kuti "chakuti chikachitika, ndichita chakuti" amakwaniritsa zolinga zake kuposa amene wangoti "ndiyesetsa". Mwachitsanzo: "Malipiro akangolowa, ndichotsa 2 pa 100 iliyonse ndisanagule kanthu." Musanyoze kuchepa kwake, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pa gawo ili mukumanga umboni wakuti ndalama zimatha kukhala mwa inu. Ziikeni pamalo povuta kuzitenga. Ku Philippines, Nava Ashraf, Dean Karlan ndi Wesley Yin anayesa akaunti imene mwini wake sangatapemo kufikira tsiku kapena kuchuluka kumene anasankha yekha, ndipo m'zotsatira zimene anafalitsa mu 2006, ndalama zosungidwa za gulu limene linapatsidwa mwayi wa akauntiyo zinakwera ndi 81 peresenti patatha chaka poyerekeza ndi gulu limene silinapatsidwe mwayiwo. Richard Thaler ndi Shlomo Benartzi anayesa njira ina, yakuti antchito alonjeze pasadakhale kuwonjezera zosunga nthawi iliyonse malipiro akakwera, ndipo pa kampani yoyamba imene anayesera, zosunga zinachoka pa 3.5 kufika pa 13.6 peresenti ya malipiro m'zaka zosakwana zinayi.

Mudzaphonya masiku ena, ndipo chikhulupiriro chakale chidzathamangira kunena kuti "ndinakuuza". Musachimvere. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndiponso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga ntchito yonse.

8. Uzani a m'nyumba mwanu, ndipo samalani kuti musagwere mbali inayo

Ngati muli pabanja, mnzanuyo nayenso anabwera ndi ziganizo zake, ndipo mikangano yambiri ya ndalama imakhala ya mawu a makolo awiri osiyana amene akulankhula kudzera mwa ana awo. Musayambe ndi kumuuza zimene ayenera kusintha. Muonetseni tsamba lanu la gawo lachitatu, mumufunse zimene iye ankamva ali mwana, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Ana nawonso akumva. Mmalo mowauza kuti "kulibe ndalama" pa chilichonse, auzeni kuti "mwezi uno tasankha kulipira ichi, icho chidikire", kuti akule akudziwa kuti ndalama zimayendetsedwa ndi zosankha za anthu.

Chomaliza ndi chenjezo limene ndimalinena mwamphamvu, chifukwa ndaona anthu akugwa atangotsala pang'ono kuima. Munthu amene wangosiya kuopa ndalama amakhala nyama yofewa kwa ochenjera amene amalankhula chinenero chomwechi cha kusintha maganizo, n'kumati kukayika kwanu ndi mzimu wa umphawi. Mu 1920, ku Boston, Charles Ponzi analonjeza phindu la 50 peresenti m'masiku 45, ndipo ankalipira olowa poyamba ndi ndalama za olowa pambuyo mpaka zonse zinagwa m'chaka chomwecho. Njira yakeyo ikugwirabe anthu lero, pa intaneti ndi m'misonkhano yodzaza nyimbo ndi maumboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wina akakulonjezani phindu lalikulu, lachangu ndi lotsimikizika, mufunseni kuti phindulo likuchokera pa malonda anji, ndani akugula, ndipo bungwe lake linalembetsedwa kuti. Akakuyankhani ndi mawu okulimbikitsani mtima m'malo mwa manambala, kapena akakuuzani kuti mubweretse anthu ena kuti mupindule, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu, mutsegule kope lija, ndipo mulembe chiganizo choyamba chimene chinabwera m'mutu pamene munamva lonjezolo.